Ulendo wa Banja pa Mpata wa St Bernard

Pakati pa dziko la Switzerland ndi dziko la Italy pali mtandadza wa mapiri aatali otchedwa Alps, ndipo munthu wofuna kuoloka wapansi ayenera kufunafuna mpata, ndiwo malo otsikirapo pakati pa nsonga ziŵiri. Umodzi mwa mipata yakale kopambana ndi wa Great St Bernard, umene uli pa mamita 2,469 kuchokera pa nyanja yamchere. Sapitwa wa pa Mulanje aupambana msinkhu, pakuti iye ali pa mamita 3,002, koma pa Sapitwa sipakhala chipale chofeŵa, pamene pa St Bernard chimaunjikana miyezi yambiri ya chaka, popeza dzikolo lili kutali ndi chigawo cha dziko lapansi chimene dzuŵa limaomba paliwombo. Mseu wa galimoto wokwera pa mpatawo umatsekedwa m'mwezi wa Okutobala, ndipo sautsegula kufikira kumapeto kwa Meyi kapena kuchiyambi kwa Juni, atayamba akokolamo chipalecho ndi makina.

Aŵerengi ambiri chipale chofeŵa amangochimva m'Buku Lopatulika. Sichili ngati matalala amene amaboola masamba a fodya. Pakugwa chimatsika mwakachetechete ngati thonje louluzika, ndipo chikangogwa kumene munthu angathe kuchiumba m'manja. Koma chipale chimene chagona m'phiri kuyambira Disembala kufikira Juni ndi chinthu china. Chasungunuka usana ndi kuundananso usiku kambirimbiri, kotero kuti chimakhala chamibulu ngati mchere wamiyala, cholemera, ndiponso choterera. Chimenechi ndicho chimene banja loyenda nyengo yotentha ikangoyamba liyenera kuchiganizira.

Ife, amene ntchito yatikhazika kufupi ndi mzinda wa Geneva, tapangana kukwera mpata umenewu wapansi kumapeto kwa Juni, sukulu zikangotsekera, aliyense atabereka chikwama chake kumsana. Tili ndi ana atatu: mnyamata wa zaka 15, mtsikana wa zaka 12, ndi mzime wathu wa zaka 9. M'zigwa nthaŵi imeneyo kumakhala kutafunda, anthu akumweta udzu wa ng'ombe, ndipo kumada mochedwa, 9 koloko itapitirira. Munthu woima ku Martigny atavala malaya amodzi okha sangaganize kuti pamwamba pake nyanja ina ikadali youndana. Komatu munthu akamakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena 7 pa mamita 1,000 alionse, ndipo kuchokera ku Martigny kukafika pampata pali mamita pafupifupi 2,000. Kalendala ya pakhoma imaŵerenga miyezi ya m'chigwa. Kumwambako nyengo imatsalira m'mbuyo ndi mwezi wathunthu kapena kupitirira.

Njirayi anthu adayamba kuiponda kalekale. Aroma adamanga pamwambapo kachisi wa mulungu wawo Jupiter, ndipo apaulendo ankasiyamo timapale tamkuŵa tothokoza kuti aoloka amoyo. M'chaka cha 990 Sigeric, mkulu wa mabishopu wa ku Canterbury, adadzera pomwepo pochokera ku Rome, ndipo malo amene ankagonamo adalembedwa. Mwa iwo muli Saint-Rhémy kutsidya la Italy ndi Bourg-Saint-Pierre kutsidya lino, midzi imene ilipo mpaka lero. Cha m'ma 1050 Bernard, mtsogoleri wa mpingo ku Aosta, adamanga pampata penipenipo nyumba yolandira alendo, pakuti anthu ambiri ankafera m'njiramo ndi chisanu, ndipo ena ankafwambidwa. Nyumbayo ikugwirabe ntchito. M'mwezi wa Meyi 1800 Napoleon adaolotsa pamenepo asilikali pafupifupi 40,000, ndipo popeza chipale chinali chisanathe, mizinga adaichotsa pa magudumu ake, naigoneka m'mitengo yosemedwa ngati mabwato, amuna n'kumaikoka ndi zingwe. Nkhani imeneyi mnyamata wathu amaikonda, ndipo amaitchula pofuna kutilimbitsa mtima. Ife timaimva mwina: ngati asilikali adavutika chotero m'mwezi wa Meyi, tisayese kuti pofika Juni zonse zidzakhala zitatha.

Chimene chidakopa ana aang'onowo si Napoleon ai, koma agalu. Ansembe a panyumbapo ankaŵeta agalu aakulu amene ankatsagana ndi antchito potsika tsiku ndi tsiku kukachingamira apaulendo. Agaluwo ankatsegula njira ndi zifuŵa zawo, ndipo ankatha kununkhiza munthu wokwiririka. Wotchuka mwa onse ndi Barry, amene adafa m'chaka cha 1814, ndipo amati adapulumutsa anthu 40. Thupi lake likuonetsedwa m'nyumba yosungiramo zakale ku Bern. Kuyambira 2005 agaluwo akuŵetedwa ku Martigny, ndipo ena amakwera nawo kumpata nyengo yotentha kuti alendo awaone, koma ntchito yopulumutsa anthu tsopano ili m'manja mwa a helikopita. Pa zithunzi mudzaona galu atamangiriridwa kambiya ka kachasu m'khosi. Imeneyo ndi nthano ya ojambula chabe, ndipo n'kwabwino kuti ndi nthano, pakuti moŵa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva ngati wafunda pamene thupi lake likutaya kutentha msanga.

Masiku aŵiri oyamba sativuta maganizo. Tidzakwera sitima kuchokera ku Martigny kukatsika ku Orsières, ndi kuyenda wapansi kudzera ku Liddes kukagona ku Bourg-Saint-Pierre, pa mamita 1,632. Kumeneko n'kwa madambo, nkhalango ndi ng'ombe zamabelu. Tsiku lachiŵiri ndi la makilomita pafupifupi 12, kukwera mamita oposa 800, kupitirira damu la Les Toules ndi pakamwa pa ngalande ya galimoto imene idatsegulidwa mu 1964. Chakumapeto njira imaloŵa m'chigwa chopapatiza chotchedwa Combe des Morts, ndiye kuti Chigwa cha Akufa, dzina limene lidabwera chifukwa cha zigumukire za chipale zimene zinkakwirira apaulendo atatsala pang'ono kufika. Kumapeto kwa Juni chipale chotsalira chimapezekabe m'menemo, koma mseu wa galimoto uli pafupi, ndipo ngati mwana watopa kapena njira yakwiririka tingathe kupatukira kumseuko. Tsiku limeneli ndilo lidzatiphunzitse kuponda chipale pamalo pamene thandizo silili patali.

Taika dala kuti tidzafike pampata Loŵeruka madzulo, kuti tsiku la Sabata tidzapume. Thupi la munthu wochokera m'chigwa limafuna nthaŵi kuti lizoloŵere mpweya wopepuka wa kumwamba. Ena mutu umawaŵaŵa ndipo tulo sabwera bwino usiku woyamba, tsono lamulo la Sabata ndi malangizo a madokotala zagwirizana. Nyumbayo ndi ya mpingo wa Katolika, ndipo ife a Presbyterian tidzakhala alendo m'menemo. Sitikuona chovuta. Eni ake safunsa mpingo wa munthu pakhomo, ndipo mau a Chilatini amene amayendera amatanthauza kuti pamalopo Khristu amapembedzedwa ndiponso amadyetsedwa, kunena kuti kupatsa wapaulendo chakudya ndiko kumpatsa Ambuye mwini. Tidzachita mapemphero athu a banja m'chipinda mwathu, ndipo tikufuna ana aone ndi maso awo nyumba imene yakhala yotsegukira mlendo zaka zoposa 900. Masiku ano ogonamo amalipira, ndipo malo ayenera kupemphedwa nthaŵi ikadalipo. Ife tidalemba kale.

Mkangano uli pa tsiku Lolemba. Kuchokera panyumbapo pali njira ziŵiri. Yoyamba imatsikira ku Italy, kupyola Saint-Rhémy ndi Étroubles kulinga ku Aosta. Yachiŵiri imalambalala nyanja ya pampata, kutsika pang'ono m'dziko la Italy, kenaka kukweranso kukafika pa mpata wina wotchedwa Fenêtre de Ferret, pa mamita 2,698, ndi kutsikira ku Switzerland kudzera pa nyanja zitatu zazing'ono, kukathera ku mudzi wa Ferret kumene kuli basi yobwerera ku Orsières. Njira yachiŵiriyi ndiyo yokongola, pakuti munthu akaima pamwambapo amaona mapiri a Mont Blanc atandandalika patsogolo pake. Mnyamata wathu mtima wake wonse uli pamenepo, ndipo sitimunena, pakuti ifenso tikuifuna.

Koma taonani m'mene mpatawo wakhalira. Kwathu m'mwezi wa Juni dzuŵa limadzera chakumpoto, pamene ku Ulaya limadzera chakummwera chaka chonse. Chotero mbali ya phiri yopenya kummwera imalandira dzuŵa ndi kuuma msanga, pamene yopenya kumpoto imakhala mumthunzi ndi kusunga chipale milungu yambiri. Pa Fenêtre de Ferret munthu amakwera mbali ya Italy, ya dzuŵa, poponda udzu ndi miyala, mtima uli m'malo; akafika pamwamba ndi kusuzumira kutsidya, ndi pamene amapeza kuti motsikira monse n'moyera, ndipo nyanja zija zikadali zoundana. Msampha wake ndi umenewu: chovutacho chimaoneka munthu atatha kale mphamvu zambiri pokwera, ndipo mtima sufuna kubwerera. Amene adakwerapo phiri adziŵa kuti kutsika n'koopsa kuposa kukwera, nanji pamalo poterera, ndiponso kuchokera pamwambapo kukafika ku Ferret pali kutsika kwa mamita pafupifupi 1,000.

Chipale cha Juni chimasinthanso ndi maola. M'mamaŵa chimakhala cholimba ngati simenti, ndipo nsapato siiloŵa. Munthu akaterereka pamalo otsetsereka amapita ngati gumbwa pamadzi, osapeza chogwira, kufikira atagunda miyala ya kumunsi. Mwana wopepuka thupi ndiye ali pangozi yoposa, pakuti alibe kulemera kokwanira kuboola pamwamba ndi chidendene. Masana chimafeŵa, ndipo mwendo umatitimira mpaka m'bondo kapena m'ntchafu. Pamenepo ngozi yoterereka yachepa, koma mtunda wa ola limodzi umatenga maola aŵiri, masokosi anyowa, ana atopa ndi kuyamba kulira. Pafupi ndi miyala ikuluikulu, imene imatentha ndi dzuŵa, pansi pamakhala mphako zosaoneka zothyola mwendo. Choopsa koposa ndi mitsinje. Madzi osungunuka amayenda kunsi kwa chipale ndi kuchidya, pamwamba n'kutsala kamlatho kooneka kolimba. Wopondapo akaboola amagwera m'madzi ozizira othamanga, pansi pa denga limene sangathe kulitsegula. Mitsinjeyo imadzala masana ndi madzulo, pamene dzuŵa lasungunula zambiri. Tsono nthaŵi yabwino ndi yochepa: chipale chitayamba kufeŵa pamwamba pokha, mitsinje isanakwiye, ndiponso mitambo ya ziphaliŵali, imene imakonda kusonkhana masana, isanafike.

Palinso nkhani ya zizindikiro. Ku Switzerland njira za m'mapiri amazilemba pamiyala ndi utoto, mzere woyera, wofiira, ndi woyeranso. Zizindikirozi n'zokhulupirika ndithu, koma zili pamiyala, ndipo miyala ikakwiririka nazonso zakwiririka. Mapazi a anthu ena pachipale si umboni wakuti njira ndi yomweyo, pakuti mwina eni akewo adasokera, kapena adali ndi zida zimene ife tilibe. Nkhungu ikatsika, monga imachitira pa Mulanje masiku a chiperoni, pansi poyera ndi kumwamba koyera zimasanduka chinthu chimodzi, ndipo munthu sazindikira ngati akukwera kapena akutsika. N'chifukwa chake madzulo ambiri takhala tikuyala mapu patebulo, kuphunzitsa ana aŵiri aakuluwo kuŵerenga mizere yosonyeza kutsetsereka ndi kugwiritsa ntchito kampasi. Foni tidzatenga, ndipo ana onse aloŵeza nambala 112, imene imaitana thandizo m'maiko onse aŵiri. Koma m'zigwa zina foni siigwira, ndipo batire limatha msanga pozizira.

Pamene tinkakambirana zimenezi tidakumbukira za Yakobo pa Genesis 33. Atayanjana ndi mbale wake, Esau adafuna kuti ayendere limodzi, iye ndi amuna ake 400. Koma Yakobo adakana mwaulemu, chifukwa ana adali anthete ndipo zoŵeta zinali zoyamwitsa, nasankha kutsatira pang'onopang'ono monga mwa mayendedwe a anawo. Tidaŵerenga ndimeyi pa mapemphero a madzulo, ndipo mnyamata wathu adazindikira msanga kumene nkhani inkaloŵera. Adati si chilungamo kuti anthu anayi alephere kuona Mont Blanc chifukwa cha mmodzi. Funso lakelo si lachibwana, ndipo sitidaliyankhe mwa kumkalipira. Tidamuuza kuti ulendo wa anyamata okhaokha uli ndi muyeso wake, ndipo tsiku lake lidzafika. Koma uwu ndi ulendo wa banja, ndipo muyeso wake ndi mwendo waufupi koposa yonse. Sitinganene kuti adakondwa. Chimene tidachita ndi kumpatsa udindo: iye ndiye adzanyamule mapu, ndipo iye ndiye adzafunse eni nyumba za njirayo.

Pakuti pa mfundo imeneyi tagwirizana kuti sitidzagamula tili ku Geneva. Chaka china chipale chimatha msanga, chaka china chimachedwa, ndipo buku lililonse la njira limanena za chaka chimene mlembi wake adayenda. Odziŵa za sabata imeneyo ndi amene amakhala pampata ndi kulandira tsiku ndi tsiku anthu otsika ku Fenêtre de Ferret nsapato zili chinyowere. Safunsa adadya phula. Tsiku la Sabata madzulo tidzafunsa zinthu zitatu: ngati anthu aolokapo masiku amenewo, ngati chipale cha kumpoto chafika mpaka ku nyanja zija, ndiponso ngati iwo eni akadapita ndi mwana wa zaka 9. Funso lotsirizali ndilo lofunika, chifukwa munthu wozoloŵera phiri akati njira ili bwino, kaŵirikaŵiri amanena za miyendo yake. Tidzaonanso zolosera za nyengo za MeteoSwiss. Yankho limodzi lokha likakhala lokayikitsa, tidzatsikira ku Italy.

Ngakhale mayankho onse atakhala abwino, talemba papepala malire athu, ndipo aliyense wasainapo, ngakhale mzime. Tidzanyamuka 7 koloko. Ngati 11 koloko ikwana tisanafike pamwamba, tidzabwerera. Tikafika pamwamba tidzakhala pansi, kudya, ndi kuyang'ana motsikiramo tisanaponde. Ngati pali malo otsetsereka amene munthu woterereka sangaime yekha, tidzabwerera, ngakhale nyanja zikuoneka pafupi. Tazilemba tikadali kunyumba chifukwa pamwamba pa phiri munthu wotopa ndi wolakalaka sakhala woweruza wabwino, ndipo nkhaŵa yochita manyazi pamaso pa ana ake yapititsa atate ambiri pamene sakadayenera kupita.

Za katundu sitichulukitsa mau. Popeza tidzagona m'nyumba, hema ndi mapoto zitsala, ndipo zimenezi zapepuza mitolo kwambiri. Lamulo lathu ndi lakuti mwana wamng'ono asanyamule zoposa gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa thupi lake: botolo la madzi, juzi, jekete la mvula, ndi kamba wake. Nsapato za jombo tagula msanga kuti aziyenda nazo kusukulu, pakuti nsapato yatsopano paulendo imabala matuza. Zovala zathonje zikanyowa ndi thukuta zimazizira pathupi, tsono tasankha zaubweya, ndi masokosi apadera okulungidwa m'pulasitiki. Aliyense adzakhala ndi ndodo, chipeŵa, ndi zovala za m'manja. Chinthu chimodzi chimene ife akhungu lakuda timachipeputsa ndi dzuŵa la pachipale. Chipale chimabweza kuŵala ngati kalirole, ndipo kuŵalako kumatentha maso a munthu wa mtundu uliwonse. Ululu wake umayamba patapita maola, usiku, maso n'kumamva ngati mwaloŵa mchenga. Magalasi akuda tagulira aliyense, pamodzi ndi mafuta oteteza khungu ndi milomo. Mapasipoti nawo ali m'chikwama cha amayi, pakuti malire a maiko aŵiriŵa amadutsa pa nyanja ya pampata pomwepo.

Njira ya ku Italy sitikuiyesa chilango, ndipo tayesetsa kuti ana asaione chotero. Ili mbali ya dzuŵa, imatsika m'madambo amene nthaŵi imeneyo amakhala atadzala maluŵa, ndipo ndi yomwe Sigeric adakwera zaka zoposa 1,000 zapitazo. Ku Aosta kuli malinga ndi zipata zimene Aroma adamanga, zikadali chiimire. Mtsikana wathu wapezanso m'buku lake kuti anthu a chigwa chimenecho amadya polenta, ndiyo ufa wa chimanga chachikasu wophikidwa molimba ndi mthiko, ndipo amaikamo tchizi chawo chotchedwa Fontina. Amayi akuti adzaweruza okha ngati imeneyo iyenera kutchedwa nsima. Malo ogona tapempha mbali zonse ziŵiri, ku La Fouly kumunsi kwa Ferret ndi ku Étroubles, ndipo tawauza eni ake poyera kuti amodzi mwa iwo tidzawaimbira foni tsiku la Sabata madzulo kuti asatiyembekezere.